Mawu a Achemwali mu Mtsuko

Achemwali anga ankaimba mawu apansi. M'kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu ku Nsungwi, ambirife tinkakwera m'mwamba, iwo n'kumayenda pansi okhaokha ndi mawu okhuthala onga a mwamuna. Chaka chimene anatisiya, kwayayo inali itangojambula kaseti. Titabwerako kumaliro ku Ntcheu, ndinatenga kasetiyo kuti ndiziwamvako.

Koma wailesi yathu inali yaing'ono. Ndikaika kaseti ndinkamva aliyense, ngakhale amayi ena amene ankangotsatira anzawo, koma achemwali ayi. Ndinkagunditsa khutu pa timabowo ta wailesi, ndikakweza n'kumangomva kuswekasweka. Ndinkadzifunsa kuti kodi ojambula aja anawasiya? Kapena munthu akamwalira mawu ake amafufutika naye limodzi? Ambuye andikhululukire, maganizo oterewo ndinali nawo.

Bambo a ana anga ankayendetsa galimoto ku Kanengo. Loweruka lina anabwera ndi sipika yakuda, kukula kwake ngati mbale yodyera, imene anawapatsa mnzawo wokonza maminibasi. Inalibe bokosi, inali yokha basi, kumbuyo kuli chitsulo cholemera chimene chinakoka supuni patebulo.

"Alamu anga alimo m'kasetimu, mayi," anatero. "Kungoti kawailesi kanuka kukhosi n'kochepa."

Analumikiza timawaya, n'kuika sipikayo patebulo. Nyimbo inamveka, koma yopyapyala ngati kale lomwe.

"Ndiye mbale yanuyi yatithandiza chiyani?"

Anandigwira chala n'kuchiika pa chipepala chakuda chapakati. Chinkanjenjemera, kupita kutsogolo, kubwerera kumbuyo. Anati chikakankha mpweya kutsogolo chimatulutsa mawu, komanso kumbuyo chimatulutsa ena, ndiye awiriwo akakumana m'mphepete amadyana. Oyamba kutha ndi apansiwo. Mankhwala ake n'kutsekera akumbuyowo m'chinthu kuti asaonane ndi anzawo.

"Mawu n'kudyana?"

"Eee, ngati akazi a pamitala."

"Inu za mitala mwazidziwira kuti, bambo?"

Anangoseka, n'kupita kukafuna katoni ya sopo. Anaiboola pamwamba, n'kukhazikapo sipika. Zinasinthadi pang'ono, koma katoniyo inkangoti phuphuphu, nayonso kufuna kuimba. Tinayesa ndowa yapulasitiki, kwaya yonse inamveka ngati yagwidwa chimfine. Tinayesa yachitsulo, imeneyo ndiye inalira m'mano. Apa ine chidwi chinali chitandigwira, mpaka ndinaiwala nyemba pambaula. Nyimbo yomweyo, anthu omwewo, koma chiwiya chilichonse chinkawapatsa kukhosi kwakekwake. Mpaka lero sindimvetsa bwino, koma ndinamva ndi makutu angawa.

Kenaka ndinaona maso awo apita kuseri kwa chitseko, kumene kunali mtsuko wa madzi akumwa.

"Ayi, bambo, umenewo ayi. Kutentha kwa Okutobalaku madzi ozizira tiwapeza kuti?"

"Ndingobwereka. Dothi ndi lolemera, silinjenjemera ngati katoni."

"Mukauboola, mukagona kwa mnzanu wa maminibasiyo."

Tinakhuthulira madzi m'ndowa, ndinaupukuta ndekha m'kati mpaka kuuma. Zodabwitsa, sipika ija inakhala pakamwa pa mtsuko ngati woumba anachita kuyeza. Inayang'ana kudenga. Bambo anazunguliza mphira wa chubu cha njinga m'mphepete kuti mpweya usathawe, n'kuyatsa wailesi.

Mawu apansi anabweradi, koma anali mbwee, ngati munthu akufuulira m'chitsime. Sindinathe kuzindikira kuti uyu ndi ndani. Ndinagwa mphwayi. Bambo anakanda m'mutu, kenaka anapempha nsalu yakutha. Ndinawapatsa chitenje chong'ambika ndi juzi lakale la mwana, anaziponya m'kati, ati kuti mawu asamagundegunde m'makoma a mtsuko. Ndinkaona ngati akungoyesa mwayi. Anamanganso mphira uja.

Nyimbo itayamba, chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti sinkachokera mbali imodzi. Ndinaimirira, ndinapita pakhomo, ndinabwerera pawindo, paliponse kwaya inali pomwepo, ngati taima mozungulira m'chipindamo. Ndinagwada n'kuika dzanja pamimba pa mtsuko. Unkanthunthumira pang'onopang'ono, monga chimachitira chifuwa cha munthu ukamugwira akuimba.

Ndipo pansi pa mawu athu tonse panali mawu ena, okhuthala, akuyenda okha.

"Ndi iwo?" anafunsa bambo chapansipansi.

Ndinawakwezera dzanja kuti akhale chete. Ndinkaopa kudzinamiza. Amayi oimba chapansi analipo enanso awiri, ngakhale sankafika pansi penipeni ngati iwo, ndipo munthu ukafunitsitsa chinthu, khutu limatha kukupangira. Ndinapemphera mumtima kuti Atate, ngati ndi iwo, ndidziwe bwinobwino.

Nyimbo yoyamba inatha, ina inatha. Pa yotsatirayo, ndime yachiwiri itayamba, tonse tinalowa pamodzi, koma pansi penipeni panali zii. Kenaka mawu aja anatulukira mochedwa, akuthamangira kuti atipeze, n'kumeza mawu awiri oyamba kuti alingane nafe.

"Achemwali, mwachedwanso!"

Ndinalankhula mokweza, osadziwa kuti ndalankhula. Ndimo mmene ankachitira nyimbo imeneyo masiku onse. Ankatseka maso, kukomedwa ndi ndime yoyamba, ndipo ine woima pambali pawo ndinkachita kuwagunda ndi chigongono. Tsiku lojambulalo anatiimika motalikirana, ndiye panalibe wowagunda.

Bambo anandiyang'ana, kenaka anayamba kuseka, inenso kuseka, misozi ili chuchuchu mpaka pachibwano. Ndinathokoza Mulungu ndili chigwadire pomwepo, dzanja lili pamtsuko.

"Bwezani pang'ono, bambo."

Anatulutsa kaseti, n'kulowetsa cholembera pabowo, kuyamba kupukusa ndi dzanja kuti tisathe mabatire.

"Mpaka pati?"

"Pomwe achedwapo."