Dzina Loyamba M'kaundula Wathu

Ku Queenswood anthu ankawadziwa kuti Harry. Dzinalo anawapatsa bwana wawo woyamba, amene ankalephera kutchula Kalimu, ndipo iwo anayenda nalo zaka makumi awiri akutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa m'mipanda ya eni. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula. Za kwawo sankanena. Ukawafunsa ankangoti, "Kumudzi kuli bwino," nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndine Rukiya. Mayi anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Menlo Park, ndipo nthawi imeneyo ndinkaphunzira masamu ndi makompyuta pa koleji ina muno mu Pretoria. Loweruka lililonse tinkakumana pa kalabu ya ophunzira. Anzanga ankapanga magemu a pafoni ndi kukonzekera mipikisano, koma ine mtima unali pena. Chaka chimenecho mtembo wa Mmalawi wina unakhala miyezi itatu kuchipatala popanda abale kudziwa, chifukwa aliyense ankamudziwa ndi dzina la kuntchito. Zinandiwawa kwambiri. Ndinaganiza zopanga kaundula wa pakompyuta wokhala ndi dzina lenileni la munthu, mudzi wake, ndi m'bale woti aimbiridwe foni zinthu zikavuta.

Tsiku lomwe ndinkayesa pulogalamuyo, a Kalimu anabwera kudzaona mayi. Ife pa kalabu tikamayesa chinthu timalemba zopeka, kenako n'kufufuta.

"Abambo, tangotchulani dzina lililonse, mudzi ndi nambala. Tikungoyesa," ndinatero.

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Kenako anatchula dzina lawo, n'kupitiriza pang'onopang'ono. Ndinalemba mothamanga, ndikuganiza kuti zinazo akungopeka, ndipo ndinaziponya m'fayilo ya zoyeserera.

Pulogalamu inatheka, koma anthu anakana kulembetsa. "Eish, sisi, mukufuna mutigwiritse kwa apolisi?" ankatero. Amene anandiwombola ndi a Kalimu. Lamlungu lililonse ankatenga kope n'kuyenda wapansi mpaka ku Faerie Glen, kugogoda m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana. Anthu ankawakhulupirira chifukwa sanamvekepo akunena za mnzawo. Pakutha kwa chaka anandibweretsera mayina mazana atatu.

"Nanga lanu, Abambo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Zanga zinatha kale, mwanangu."

Ndinapsa mtima. Munthu wotha nsapato chifukwa cha mayina a anzake, lake n'kumakaniza! Ndinawasiya, poti mkulu sukangana naye.

A Kalimu anagwa Lachitatu lina m'mawa, payipi ya madzi ili m'manja, ndipo pofika kuchipatala anali atatisiya. Kumzikiti anakonza zoti aikidwe mawa lake, monga mwa chipembedzo chathu. Shehe anafunsa ngati abale adziwitsidwa. Maso onse anali pa ine.

Ndinafufuza Kalimu m'kaundula, panalibe. Ndinafufuza Harry, panalibenso. Ndinalira, ndipo ndisabise, ndinawakwiyira malemuwo. Tinali pafupi kuika munthu m'manda achilendo, kwawo akuganiza kuti ali moyo.

Asani, mnzanga wa pa kalabu, ndiye anandifunsa kuti, "Kodi fayilo ya zoyeserera ija unafufuta?"

Sindinafufute, unali ulesi chabe. Nditatsegula, mzere woyamba unali wawo. Panali dzina lawo lonse, mudzi wa ku Machinga, ndipo pa m'bale panalembedwa kuti Sumayya, mwana wanga. A Kalimu sankadziwa kupeka. Nditawauza kuti tikungoyesa, iwo ananena zoona.

Ndinaimba nambala ya Sumayya yomwe inali pamzerewo. Anayankha mayi wa mawu odekha, kumbuyo kukumveka mwana akulira. Ndinadzitchula, n'kupepesa, n'kunena uthengawo.

"Anachoka ndili ndi zaka zisanu," anatero. "Sanaimbepo ngakhale kamodzi. Nambala yangayi mwaipeza kuti?"

"Anandipatsa okha."

"Anali nayo?"

Ndinakumbukira tsiku lija, chipewa chili pabondo, maso ali pansi.

"Anali nayo, achemwali. Anaitchula pamtima, osayang'ana papepala."

Apo m'pamene analira. Mawa lake, pa nthawi yoika maliro, anandipempha kuti foni isadulidwe, ndipo Asani anaigwira m'mwamba pambali pa manda kuti mwana wa malemuwo amve dothi likugwa.