A Dontho ndi Mano a Ana

Alamu anga, mlongo wa amuna anga, timawatcha a Dontho. Ntchito yawo ndi yopima zinthu mu labu. Mukawapatsa madzi, dothi kapena magazi, amakuuzani chiphe chimene chabisalamo ngakhale chichepe bwanji. Ndi munthu wofatsa, koma kukhululuka anakusiya m'mimba mwa amayi awo. Ndinawaswera kapu chaka chimene ndinakwatiwa, mpaka lero ndikapita kwawo amandipatsa yapulasitiki.

Bambo awo ankagwira ntchito pafakitale yophwanya mabatire akale a galimoto n'kusungunula mtovu. Banja lonse linkakhala kuseri kwa mpanda wa fakitaleyo, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo zovala zikayanikidwa ankazianula zitatuwa ndi fumbi. Bambowo anayamba kunjenjemera manja, kenako impso zinasiya kugwira ntchito. Pamaliro, mwini fakitale anauza anthu kuti chawapha ndi mowa, chonsecho munthuyo sanaulawepo chibadwire. Anthu atayamba kung'ung'udza, fakitale inaitana pulofesa wina wa kuyunivesite. Iye anatapa dothi pakhomo pa ofesi, pamene ankasesapo m'mawa uliwonse, n'kulengeza kuti malowo alibe vuto.

Nthawiyo a Dontho anali kusekondale. Anawerenga mabuku ngati akuwalanga, nasankha dala kukaphunzira pansi pa pulofesa yemweyo. Ankamunyamulira chikwama, kumutsukira mabotolo, kuseka nthabwala zake zosaseketsa. Iye sanadziwe kuti ndi mwana wa yani, ndipo ndi amene anawathandiza kupeza malo okapitiriza maphunziro kunja.

Atabwerako sanapupulume. Ankadziwa kuti akalankhula okha, anthu anena kuti ndi mkwiyo wa mwana wamasiye. Anagwirizana ndi dokotala wa ana amene ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani ana a mbali ya fakitale ankachedwa kuyankhula, komanso katswiri wa dothi, ndi malabu awiri a mayiko ena. Dokotalayo anati makolo akukana kuti ana awo atengedwe magazi. A Dontho anati palibe kanthu, apemphe mano amene aguluka okha, chifukwa mtovu ukalowa m'dzino sutulukamo. Ine ndinayenda nawo khomo ndi khomo, amayi akutiyang'ana ngati asing'anga. Dzino lililonse ankalidula patatu, chidutswa china n'kupima okha, zinazo n'kutumiza kwa anzawo akunja. Zotsatira zinafanana konse.

Patsiku lolengeza kafukufukuyu anaitana pulofesa uja, tsopano ali ndi imvi, kuti akhale mlendo wolemekezeka. Anamukhazika kutsogolo, n'kumuthirira okha madzi. Kenako anaonetsa pakhoma zimene anapeza, pambali pake n'kuika zimene pulofesayo analengeza kale zija. Chomaliza chinali chithunzi cha bambo awo atavala ovolosi.

“Aphunzitsi,” anatero modekha, “awa ndi bambo anga. Munandiphunzitsa kuti dothi silinama. Tauzani anthuwa kuti lanu lija munalitapa pati.”

Pulofesa anayang'ana nsapato zake. Anapuma ntchito chaka chisanathe. Mkazi wake anabwera ku labu kudzapempha kuti dzina la mwamuna wake lisatchulidwe m'zimene adzasindikize. A Dontho anamupatsa mpando, anamvetsera zonse, n'kumuuza kuti alitchula kale patsamba loyamba.

Fakitale inatsekedwa, dothi la m'derali linakumbidwa n'kuchotsedwa, ndipo njira yawo yopima mano anayamba kuigwiritsa ntchito ofufuza a m'mayiko ena. Ophunzira amachita kulimbirana kuti alowe mu labu yawo.

Kunyumba kwathu n'kumene nkhaniyi sinakome. Amuna anga ankayendetsa lole ya fakitale yomweyo, ndipo ntchito inawathera. Anauza mlongo wawo kuti wabwezera akufa polanga amoyo. A Dontho anayankha kuti akanakhala ndi mphamvu akanaigumula fakitaleyo ndi manja. Awiriwo salankhulana. Komabe pakapita miyezi ingapo alamu amabwera ndi singano ndi kabotolo, chifukwa magazi a mchimwene wawo nawonso ali ndi mtovu. Amuna anga amapinda malaya, kutambasula mkono, nkhope kukhoma. Zotsatira amandiuza ine, kuti ndiwauze. Ulendo watha anati mtovuwo ukutsika.