Ng'ombe Youma Nsagwada

Pamene ananditumiza ku dibi ya kufupi ndi Jenda kukakhala mlangizi wa ziweto, kafumbata ndinkangomudziwa m'mabuku. Ng'ombe yoyamba kuiona nayo inali ya mayi wina wamasiye, amene ankalima fodya ndi ng'ombe ziwiri zapagoli zomwe malemu amuna awo anawasiyira.

Imodzi inaponda msomali. Bala linatsekeka kunja, kenaka thupi linayamba kuuma. Ndinaipeza itaima ngati benchi, mchira uli njo, nsagwada zitalumana. Munthu akangotsokomola pafupi, inkakungika thupi lonse. Alamu awo a mayiwo ankafuna iphedwe nyama isanawonongeke.

"Adada, mundiuze zoona," anatero mayiwo, Chichewa chawo chikupendekera ku Chitumbuka. "Yifwenge?"

"Zambiri zimafa, amama. Koma ikabayidwa mankhwala ofewetsa minofu, n'kutha kumwa madzi, ina imapulumuka."

"Mbwenu mukatenge mankhwalawo. Alamu adikire."

M'chikwama mwanga munali penisilini yekha. Ofewetsawo ankasungidwa ku Mzimba boma. Pakhomo la basi ndinapeza anyamata a chipani akuona makhadi a umembala, langa nditaliiwala m'malaya ena. Masiku amenewo munthu sunkatsutsa. Basi inandisiya, ine n'kubwerera kukatenga khadi ndi njinga, ndi kuyamba kupalasa. Fumbi la chilimwe linandilowa mpaka m'mano, ndipo pazitunda ndinkatsika n'kumakankha.

Dokotala wamkulu wa ziweto ku Mzimbako anali bambo wosalankhulalankhula. Anandipatsa botolo laling'ono, n'kundifotokozera kuti mankhwalawo sapita pabala ayi, amakhazika pansi ubongo ndi msana kuti zileke kukoka minofu.

"Ukachepetsa, sachita kanthu," anatero. "Ukapyoza muyezo, igona pansi, mimba ifufuma, ndipo waipha ndiwe. Uyambe pang'ono."

Mawa lake ndinakwera lole ya matabwa yopita cha ku Luwawa, inanditsitsa panjira, kotsalako ndinapalasanso.

Ndinapeza mayiwo atachinga khola ndi udzu ndi masaka monga ndinawauzira, mkati muli mdima. Anali ataletsa kusinja pakhomopo, agalu atawamangirira kwa anansi. Ndinatsegula bala lija, n'kulitsuka, ndi kubaya penisilini. Kenaka ndinabaya mankhwala ofewetsa aja, pang'ono monga dokotala ananenera. Patapita kanthawi mchira unayamba kutsika, makutu anagwa, pakamwa panatseguka mpata wolowa zala ziwiri. Mayiwo analowetsa botolo la phala lamadzimadzi la gaga cham'mbali mwa tsaya, ng'ombe n'kumeza.

"Yewo," ananong'ona, osandiyang'ana n'komwe.

Mankhwala akatha mphamvu, kuuma kunkabwerera. Ndinkapita m'mawa ndisanatsegule dibi, ndi madzulo ndikaweruka. Tsiku lina inagwa, tinaidzutsa ndi mitengo ndi masaka pansi pa mimba, alamu aja akuthandiza nawo uku akung'ung'udza. Botolo la mankhwala lija linatha kuuma kusanatheretu, ndipo masiku otsalawo tinangodalira mdima ndi phala la mayiwo.

Mvula yoyamba inagwa ng'ombeyo itangoyamba kubzikula. Nthiti zinkaonekera, yosati n'kuimanga pagoli. Mayiwo analima ndi khasu chaka chimenecho, munda anauchepetsa pakati. Chaka chotsatira ndinakumana nawo pamsewu wa ku Embangweni, ngolo itadzaza chimanga, ng'ombe zonse ziwiri zili patsogolo. Anaimitsa ngolo, tinapatsana moni, n'kundiuza kuti mbuzi zawo zayamba kutsokomola.