Sokosi Yanga pa Alamu ya Utsi

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo zonse zilipo. Yoyamba ndi Asiyatu wa ku Mangochi, amene ankaphunzira za unamwino. Yachiwiri ndi a Dlamini, mlonda wa payunivesite yathu ku Joni. Yachitatu ndi denga la holo. Ndamva kuti alipaka penti kanayi koma likununkhabe soseji. Ndatchula mboni chifukwa anthu amati ndimakokomeza nkhani, chonsecho sindinakokomezepo chibadwire. Zoona zake n'zakuti ndinatsala pang'ono kupha munthu ndi sokosi.

Munali mu Julayi 2014, ine ndili wapampando wa kagulu ka ophunzira a ku Malawi. Tinakonza phwando la masana lokumbukira ufulu wa dziko lathu. Akuofesi anandipatsa fomu ya malamulo: anthu asapitirire 60, moto usalowe mu holo, chitseko chothawirapo ngozi chisakiyidwe. Ndinasaina osawerenga, n'kulipira chikole cha R1,500 cha m'thumba mwanga.

Kulakwa kwanga kunayamba ndi ulemu. Ndinauza amalume anga a ku Mayfair kuti akafuna abwere. Inu owerenga, mukudziwa kuti Mmalawi saitanidwa yekha. Amalume anauza akumpingo, akumpingo anauza a ku Soweto, a ku Soweto anauza ogwira ntchito m'magadeni ku Fourways. Anafika matakisi asanu ndi awiri. Kunabweranso bambo wina wa ku Zimbabwe amene agogo ake anangodutsako ku Dedza. Anadya mbale zitatu m'dzina la makolo.

Kwathu mlendo sabwezedwa pakhomo. Ndinawalowetsera kuchitseko chothawira chija kuti a Dlamini asawawerenge, kenako ndinachikiya, kiyi n'kuponya m'thumba.

Kuzizira kwa Joni mu Julayi mumakudziwa. Tsiku limenelo, ndikulumbira, nkhunda zinkatsokomola. Amalume anati mbaula ilowe m'kati, iwo sangawotchere nyama panja ngati ali pamaliro. Asiyatu anandikokera pambali n'kundikumbutsa kuti ali ndi mphumu, komanso kuti makala m'chipinda chotseka amapha. Ndinamufunsa kuti amalume ndingawakanize bwanji pamaso pa anthu. Mbaula inalowa. Ndiye kuti alamu ya utsi isatiulule, ndinakwera patebulo, ndinavula sokosi imodzi, n'kuiveka alamuyo. Anthu anaomba m'manja, ine n'kuwerama ngati ndatulukira mankhwala a malungo.

Pasanathe ola, ovina anayamba kudandaula mutu. Kenako mafuta a nyama anadonthera pamakala, moto n'kulilima. Wina anakuwa, ndipo khamu lonse linathamangira kuchitseko chimene linalowera, chokiya chija. Asiyatu anagwa pakati pawo, mpweya ukumubanika.

Apa ndi pamene nthabwala zimandithera. Ine, wapampando, ndinatulukira khomo lakutsogolo n'kuthamanga mpaka kugeti. Ndikanakonda kukuuzani kuti kiyi ndinamuiwala, koma ndinalonjeza zoona. Ndinkamumva akundigunda pantchafu, miyendo osaima.

A Dlamini ndiwo anathyola chitseko ndi chozimitsira moto, n'kumunyamula Asiyatu. Asiyatuyo anagona m'chipatala masiku atatu. Nditapita kukamuona ndi malalanje, sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kiyi uja munafika naye bwino?" Bola akanandimenya mbama.

Ophunzira anzanga, fomu ija siilembedwa pofuna kukumanani chisangalalo. Iwerengeni. Werenganinso anthu pakhomo, ngakhale akhale amalume. Wamkulu mukamukaniza amakwiya sabata imodzi n'kukhululuka, koma utsi sudziwa chibale. Moto ukhale panja, chitseko chikhale chosakiya, ndipo wina akakukokerani pambali kuti akuchenjezeni, mumvereni kuposa oomba m'manja.

Za chikole chija, ndinkachita manyazi kukachifunsa. Chinabwera chokha patatha miyezi isanu, akuofesi atachotsa za chitseko, za penti ndi za chozimitsira moto. A Dlamini ndiwo anandiimitsa pageti.

"Wena, iwe tcheyamani wothamanga, katundu wako uyu," anatero, akundipatsa envelopu yonenepa.

Poona kunenepako ndinaitsegula mwachangu. M'kati munali R7 ndi sokosi yanga.