Msonkho wa nyumba ya a Banda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi. Ndinali pakoleji ku Nairobi, thandizo lochokera kumudzi litauma, ndiye mkulu wa mpingo anandilankhulira kwa bwana Mwangi, ogulitsa nyumba za anthu. Ntchito yake inali kuthamanga basi, fayilo kukhwapa, m'matatu, maminibasi a kumeneko, tsiku lonse. Kuofesi ya malo ndinkakafufuza ngati nyumba inapinyolitsidwa kubanki, kukhonsolo ndinkakaima pamzere wa chikalata chotsimikiza kuti msonkho wa nyumba unalipidwa wonse. Popanda chikalatacho nyumba sisintha mwini, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama m'thumba.

Kenako kunabwera mayi Banda, Amalawi anzanga. Amuna awo ankagwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri, n'kumwalira mwadzidzidzi. Chilolezo chokhalira m'dzikomo chinali cha malemuwo, choncho mayiwo ndi ana anayenera kunyamuka. Maso awo onse anali pa nyumba yawo ya ku South B, dera lina la mu Nairobi momwemo: agulitse, akamange ina kwawo ku Zomba.

"Msonkho wa khonsolo munkalipira?" bwana anafunsa.

"Abambo sankalipira msonkho, abungwe anawapatula," anayankha mayiwo mosakayika.

Kalanga ine! Chimene anapatulidwa ndi msonkho wa malipiro, osati wa nyumba. Malemu a Banda ankati lamulolo likuphimba zonse, ndipo zaka zonsezo ngongole inkangoberekana ndi chiwongoladzanja chake.

Mayiwo anandikakamiza kuti tipitire limodzi kukhonsolo akapepese okha. Ndinawauza kuti kuno sikwathu, koma ayi. Titafika pawindo anamanga chitenje, n'kugwada pasimenti, n'kuyamba kuomba m'manja. "Ndine wamasiye, bwana, tichitireni chifundo."

Kalaliki anali kuseri kwa galasi, sankawaona n'komwe. Anasuzumira n'kundifunsa kuti akulankhulawo ali kuti. Nditaloza pansi anawauza m'Chiswahili kuti aimirire, n'kupepesa: "Mama, simama. Pole, koma ine sindinalembe lamuloli." Anthu apamzere anayamba kuwalambalala. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira, koma ndikanakwiyira yani? Kalalikiyo sananame.

Nyumba inagulidwa ndithu. Loya woyendetsa malondawo anayamba kudula ndalamazo: banki yake, poti nyumbayo inali pangongole, khonsolo yake, iye mwini yake. Bwana Mwangi nawo sanasiye ngakhale shilingi imodzi pa komishoni. Zotsala zinangokwana matikiti a ndege ndi lendi ya miyezi yochepa. Ya ku Zomba ija inathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo, munthu akati akugulitsa nyumba sindiyamba ndi kuyamikira mpanda kapena matailosi. Ndimafunsa malisiti a khonsolo, ndipo sindilola kuti ayambe kumanga nyumba m'mutu tisanachotsere. Anthu amati ndine wouma mtima. Anene.

Mayi Banda ndi ana ndinawaperekeza kubwalo la ndege ku Embakasi, ndikuwanyamulira sutikesi. Pachipata anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwatithandiza, achimwene. Mulungu akudalitseni."

Nsapato zimene ndinavala tsikulo ndinazigula ndi malipiro ochokera pa komishoni ya nyumba yawo.