Miyezi Khumi ndi Inayi ya Noelene Pamsewu

Noelene Pascoe ndinamudziwa pa ntchito yotsuka mabafa. Ine ndimayang'anira malo oimikapo makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, kunja kwa Port Augusta, pomwe msewu wopita kumpoto umayambira, ndipo iye anabwera kudzapempha ganyu Lolemba lina m'mawa atavala chipewa cha mwamuna wake. Anali ndi zaka 64, wamfupi, manja okhakhala ngati a mmisiri womanga nyumba. Tagwira ntchito limodzi zaka zitatu tsopano, ndiye nkhani yakeyi ndaitola pang'onopang'ono, uku tikukolopa.

Kwawo ndi ku Ballarat. Zaka makumi atatu ankaphika m'nyumba yosungira okalamba. Mwamuna wake, Darryl, ankayendetsa basi ya mumzinda. Anali ndi nyumba ya njerwa, mwana mmodzi wamkazi wokwatiwa ku Geelong, komanso Merle, mkulu wake wa Noelene, amene ankakhala nyumba yachinayi pamsewu womwewo. Pachibale pawo awiriwa ankamwa tiyi limodzi tsiku lililonse, kukangana, kenako mawa lake kumwanso.

Darryl atapuma pantchito anakhoma mapu pakhoma la m'khitchini.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuzungulira tauni imodzi ngati mbuzi yapachingwe," anatero. "Ndikufuna ndione dziko ndisanafe."

"Tipite miyezi itatu, tibwerere," anatero Noelene.

"Miyezi itatu n'chibwana chimenecho. Tigulitse nyumbayi, tigule galimoto yamphamvu ndi kalavani. Nyumba n'chiyani? Makoma basi."

Merle atamva anangoti, "Nkhalamba imeneyi yapenga, ndiye iwe ukuitsatira?" Koma Noelene anali atazolowera kuvomera. "Palibe anandigwira dzanja," amandiuza. "Ndinasaina ndekha, ndi cholembera changa."

Ananyamuka mu Epulo. Sabata yachiwiri phula linatha, nayamba msewu wafumbi wa mizeremizere ngati malata, umene umagwedeza munthu mpaka mano. Atayima madzulo n'kutsegula kalavani, anapeza mbale zadothi zimene mayi a Noelene anamusiyira zili zidutswazidutswa, zitasakanikirana ndi shuga. Darryl anati anali atamuuza kale kuti atenge zapulasitiki. Noelene anasesa, n'kukazikwirira pansi pa chitsamba.

Zinazo anaphunzira monga onse amaphunzirira. Kusamba ndi madzi a m'jagi imodzi, otsalawo n'kuchapira masokosi. Kudya soseji dzanja lina likuthamangitsa ntchentche. Kukutumula nsapato usanavale. Fumbi lofiira linkalowa m'firiji, m'mabulangete, ngakhale m'botolo la mankhwala lotseka bwinobwino, ndipo patapita mwezi analeka kulimbana nalo. Chigubu cha chimbudzi, chimene chimafuna kukakhuthula masiku atatu aliwonse, chinagwera iye, poti Darryl ankati fungo limam'chititsa nseru. Chimene chinam'vuta kwambiri si kutentha ayi. Kunali kusowa chitseko choti atseke. M'nyumba ya mapazi khumi ndi asanu ndi atatu, ukakwiya ulibe kopita. Ukatuluka panja ndi chigwa chokhachokha, ndipo mwamuna akukuonabe pawindo.

Faifi koloko iliyonse anthu a m'makalavani amatulutsa mipando yopinda n'kukhala bwalo, aliyense ndi chitini chake cha mowa. Apa ndiye Darryl ankasangalala.

"Ife tinagulitsa zonse!" ankatero. "Ufulu weniweni ndi uwu. Si choncho, Noels?"

"Ndi choncho," ankayankha, maso ali pa mapazi ake.

Mwezi wachisanu analowa njira yakutali kumadzulo kwa Alice Springs, kumene foni siigwira. Noelene ankafuna adikire kaye m'tauni, chifukwa Merle anali atanena kuti akupita kukapimidwa pamtima. Darryl anati nyengo yozizira ikutha, sangataye sabata chifukwa cha munthu amene wakhala akudandaula za mtima kuyambira ali mtsikana. Anakhala kunjira yakutali ija masiku khumi ndi limodzi. Potuluka, atangofika pamtunda wina, foni inayamba kulira m'chikwama osalekeza. Mauthenga khumi ndi asanu ndi awiri, onse ochokera kwa mwana wawo. Woyamba unkati azakhali agonekedwa m'chipatala. Womaliza unkati mwambo wa maliro unayenda bwino, kunabwera anthu ambiri.

"Imika galimoto," anatero Noelene.

Anatsika, n'kuyenda m'tchire mpaka galimoto inaoneka ngati kabokosi ka machesi. Akuti sanalire. Anangoima padzuwa, ntchentche zili mbuu kumaso, osazithamangitsa. Atabwerera, Darryl anati, "Ndikanadziwa bwanji ine?" Noelene sanamuyankhe tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Ankam'phikira, kumuikira mbale patsogolo, basi.

Patapita miyezi iwiri Darryl anatsala pang'ono kugunda ng'ombe masanasana, ng'ombe yaikulu yoima pakati pa msewu. Sanaione. Dokotala wa maso atamupima anati pakati pa diso pakufa, m'maso onse awiri, ndipo chiwongolero asachigwirenso. Munthu woyendetsa basi zaka makumi anayi anatuluka m'chipindamo atagwira mkono wa mkazi wake.

Noelene anali asanakokepo ngakhale ngolo ya zinyalala. Tsiku loyamba anayenda ngati akuperekeza maliro, malole ataliatali a ngolo zitatu akum'pitirira, kalavani ikuvina kumbuyo. Darryl ali pambali ankangolamula: "Chepetsa! Wathina kumanzere! Ukumva injiniyo?" Tsiku lachitatu Noelene anaimika galimoto.

"Bambo inu, mukuona msewu kapena simukuuona?"

"Sindikuuona."

"Ndiye tsekani pakamwa."

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka m'njira imene iye mwini sanayembekezere. Anaphunzira kuphwetsa matayala pang'ono pofika pamchenga, ndi liwiro limene galimoto imauluka nalo pamwamba pa mizere ija m'malo mogwedezeka. Tayala litaphulika pafupi ndi Marree analisintha yekha, maola awiri, atagona m'fumbi, Darryl atangogwira mabawuti m'chipewa. Kubweza kalavani chammbuyo, chinthu chimene chimasudzulitsa mabanja, ankachita kamodzi n'kamodzi, amuna a pabwalo la mowa n'kumuombera m'manja. Ankadzuka kusanatenthe, kusankha yekha kopita, kuima pomwe wafuna. Anandiuza kuti m'mawa wina, akuyendetsa m'chigwa chopanda mtengo ngakhale umodzi, anadzidzimuka atadzimva akuimba. Anachita manyazi, poti Merle anali asanathe ndi chaka chomwe m'manda. Koma anapitiriza kuimba. Anayamba kuwerengera zokafika kunyanja ya kumadzulo, kumene anali asanapiteko chibadwire.

Ndi nthawi yomweyo imene Darryl anati watopa.

"Ndikungokhala ngati thumba la mbatata, kugwedezeka tsiku lonse, osaona kanthu. Tiye kunyumba, Noels."

"Kunyumba kwake kuti?"

"Ku Ballarat."

"Nyumba n'chiyani? Si unati ndi makoma basi?"

Anayesa ndithu kufunafuna nyumba. Koma mitengo ya nyumba inali itakwera, ndipo zimene zinatsala m'manja mwawo sizikanagula ngakhale khonde. Mwana wawo anati angathe kuimika kalavani kuseri kwa nyumba yake milungu ingapo. Mkamwini anangokwinya nkhope. Darryl anakana kupitanso kumpoto. Noelene anakana kukakhala kuseri kwa nyumba ya mkamwini. Port Augusta inali pakati, komanso dokotala wa maso amafikako. Kalavani anaikweza pa njerwa pano pathu, pamalo nambala 31, pafupi ndi mpanda, ndipo galimoto yamphamvu ija anaigulitsa n'kugula kakang'ono kopitira kusitolo.

"Anandizula pakhomo ndisakufuna," anandiuza tsiku lina tikupinda matawulo. "Nditangoyamba kuukonda msewu, wandizulanso. Ndiye anthu amati ndimumvere chisoni poti saona. Ndimam'mvera, inde. Ndimamudontheza mankhwala m'maso kawiri patsiku, ndimamuwerengera nyuzipepala. Koma usandifunse zambiri, Raelene."

Sindim'funsa. Darryl ndi munthu waulemu, amandipatsa moni pondizindikira mawu, ndipo tsiku lonse amakhala pamthunzi kumvera mpira pa wailesi.

Mwezi wathawu kunafika kalavani yatsopano, yoyera mbee, mapepala a kusitolo akadali pamipando. Mayi wa m'kalavanimo, wa msinkhu wathu womwewu, anapeza Noelene akutsuka masinki ndipo anayamba kucheza naye mwansangala. Anati amva kuti iye anayendapo njira zonse za kumpoto.

"Mungandilangize chiyani, amayi? Ife n'koyamba."

Noelene anatseka mpopi. "Muphunzire kuyendetsa sabata ino, musadikire. Mbale zadothi musiye. Ndipo nyumba yanu musagulitse, muikemo munthu."

Mayi uja anaseka. "Aa, nyumba ndiye tagulitsa kale! Amuna anga akuti tikaisunga tizingoyang'ana m'mbuyo."

Noelene anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka kuseka kuja kunazilala.

"Madzi otentha amatha eyiti koloko," anatero. "Muzilawirira kusamba."

Ananyamula ndowa yake n'kulowa kukatsuka mabafa a mbali ya amuna.