Msewu Wopanda Masamba

Ndili paphiri lina la kuno ku Scotland, longa lomwe mwana wanga Tiyamike anandionetsa. Paliponse ndi udzu wokhawokha, nkhungu yofika m'mawondo, ndi nkhosa zopakidwa utoto wofiira kumsana. Bokosi la malemu akazi anga lili m'mbali mwa msewu, chonsecho tinawaika kalekale ku Ntcheu. Ndikufuna masamba oti ndiyale pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pali maliro, koma phiri lonseli lilibe mtengo ngakhale umodzi.

Mabasi a alendo akungodutsa ndi liwiro. Wanjinga sakutsika. Ena akujambula bokosilo pamodzi ndi nkhosa.

Mzungu wovala siketi yamizeremizere wabwera ndi mbale ya chifu cha nkhosa chosokedwa, chodzaza chiwindi ndi mapapo. Akulankhula Chichewa.

"Lawani, achimwene, chikadali chotentha."

"Vulani chipewa!" ndikukuwa. "Simukuona kuti pagona munthu?"

Iye akutsitsa mbaleyo pabokosi ngati ndi tebulo, nkuyamba kudula. Tiyamike, ali muyunifolomu yake ya kuchipatala, akundikoka malaya.

"Bambo, musakuwe chonde. Kuno sachita zimenezo."

Ndikuzula udzu ndi manja mpaka zala kutuluka magazi, nkuuyala pamsewu. Nkhosa zikubwera nkuudya wonse.

M'bokosi mukumveka mawu, pang'onopang'ono.

"Abambo a Tiya, kodi anthu aima?"

Sindinawanamizepo ali moyo. Basi ina ikudutsa.

Ndadzuka kutulo nditakukuta mano. Ndagwada kuti ndipemphere.